Kuthamanga Sikufika: Mbiri ya Woyendetsa Ndege C. W. A. Scott (1903–1946)

Mawu oyamba

Mu gawo lino muwerenga mbiri ya munthu amene sanali wa kwathu kuno, koma amene ulendo wake wina wotchuka unadutsa mumlengalenga mwa mayiko athu. Dzina lake ndi Charles William Anderson Scott. Mu 1936 iye anapambana mpikisano wa ndege zing'onozing'ono umene unayambira ku Portsmouth, m'dziko la England, n'kukathera ku Johannesburg. Ndege 9 zinanyamuka tsiku limodzi, koma imene inafika ndi imodzi yokha. Mwa ndege 8 zimene zinalephera, 4 zinagwa m'mayiko amene lero ndi Zambia ndi Zimbabwe.

Inu amene mumaphunzitsa ku Highfield mumzinda wa Harare, nkhaniyi ili pakhomo panu. Mukakwera galimoto pa Machipisa n'kudutsa pakati pa tauni kulowera kumpoto, mutayenda makilomita pafupifupi 40 mufika ku Domboshawa, kumene kunagwera ndege imene inali patsogolo pa zonse. Inu a ku Zambia mukudziwa Mbala ndi Mpulungu, kumene kunagwera ndege zina ziwiri. Inu a ku Malawi ndi ku Mozambique mukuidziwa njira ya ku Halale ndi ku Joni, chifukwa agogo athu ambiri anaiyenda wapansi m'zaka zomwezo.

Pamene mukuwerenga, sungani funso ili mumtima: n'chifukwa chiyani ndege imene inafika sinali ndege yothamanga kuposa zinzake? Yankho lake mulipeza m'moyo wonse wa Scott, osati m'masiku atatu a mpikisano okha.

Ubwana ndi unyamata wake

Scott anabadwa pa 13 Febuluwale 1903 mumzinda wa London. Bambo ake, a Charles Kennedy Scott, anali katswiri wa nyimbo amene anayambitsa makwaya awiri odziwika, Oriana Madrigal Society ndi Philharmonic Choir. Mnyamatayu anaphunzira pa Westminster School, koma mtima wake sunali pa nyimbo kapena pa ntchito ya muofesi. Mu 1920, ali ndi zaka 17, anawoloka nyanja kupita ku British Guiana, dziko limene lero ndi Guyana ku South America, kukagwira ntchito pa esiteti ya nzimbe. Kumeneko malungo anamusautsa, ndipo anabwerera kwawo nthawi ya pangano lake la ntchito isanathe.

Mu 1922 analowa gulu lankhondo la mumlengalenga la Britain, Royal Air Force, ndipo n'kumene anaphunzira kuyendetsa ndege. Anali munthu wamtali ndi wadzitho, wokonda masewero a nkhonya. Mu 1923 ndi mu 1924 ndiye anali katswiri wa nkhonya wa gululi m'chigawo cha anthu olemera thupi kwambiri. Musaipeputse mfundo imeneyi. Ndege za nthawi imeneyo zinkafuna munthu wopirira, wotha kukhala pampando wothina maola ambiri, m'phokoso la injini, m'chisanu ndi m'kutentha, maso ali tcheru. Scott anasiya usilikali mu 1926, ndipo chaka chotsatira ananyamuka ulendo wa ku Australia kukafuna ntchito.

Zimene anaphunzira ku Queensland

Ku Australia analembedwa ntchito ndi kampani ya Qantas. Lero dzinali ndi lalikulu, koma pa nthawiyo inali kampani yaing'ono yonyamula makalata ndi anthu ochepa pakati pa matauni otalikirana a m'kati mwa chigawo cha Queensland. Dera limeneli ndi louma, lotentha ndi lopanda anthu ambiri. Woyendetsa ndege akasochera kapena mafuta akamuthera, palibe amene akanamupeza msanga.

Kuti mumvetse bwino nkhani yonseyi, dziwani mmene ndege zing'onozing'ono zinkayendera m'masiku amenewo. Woyendetsa ankakhala ndi zipangizo zitatu zazikulu: mapu, kampasi ndi wotchi. Ankawerengetsa liwiro la ndege, mphamvu ya mphepo ndi nthawi imene wayenda, kenako n'kuyang'ana pansi kuti aone ngati mtsinje, phiri, njanji kapena gombe la nyanja zikugwirizana ndi zimene zili pamapu. Choncho chilichonse chophimba nthaka, kaya ndi mdima, nkhungu, fumbi kapena utsi, chinali mdani wake. Ndege zambiri zazing'ono zinalibe wailesi yolankhulira ndi apansi, ndipo mabwalo ambiri a ndege analibe magetsi.

Scott anaiphunzira mfundoyi mowawa. Mu Seputembala 1928 ananyamuka ku Adelaide nyengo ili yoipa, ndipo ndege yake inagunda m'mapiri a kufupi ndi mzindawo. Iye anapulumuka ali wovulala, koma makaniko amene anali naye anamwalira. Scott anali ndi zaka 25 zokha. Atachira anabwerera pantchito, ndipo anagwiranso ntchito yophunzitsa ena kuyendetsa ndege. Mu 1930, pamene Amy Johnson anakhala mkazi woyamba kuuluka yekha kuchoka ku England kufika ku Australia, Scott ndiye anamuperekeza ndi ndege ina kuchokera ku Darwin kudutsa m'chipululu cha dzikolo. Ataona chikhamu cha anthu chimene chinkalandira mayiyu paliponse, iyenso anaganiza zoyesa ulendo wautaliwo.

Maulendo atatu a yekha

Mu Epulo 1931 Scott ananyamuka yekha pa bwalo la Lympne ku England mu ndege yaing'ono ya mtundu wa Gipsy Moth, ya mapiko awiri osanjikizana ndi injini imodzi. Anafika ku Darwin atayenda masiku 9, maola 4 ndi mphindi 11, ndipo panalibe amene anayendapo ulendowu mofulumira chotero. Patangopita milungu yochepa anabwerera ku England pa masiku 10 ndi maola 23, n'kuposanso onse amene anayendapo njira yobwererayo. Chaka chomwecho mfumu ya Britain inamupatsa mendulo ya Air Force Cross. Munthu wina ataposa nthawi yake yopitira ku Australia, Scott anauyendanso ulendowo mu Epulo 1932 pa masiku 8, maola 20 ndi mphindi 47.

Mukayang'ana manambalawa, mungaganize kuti chinsinsi chinali liwiro. Ayi. Gipsy Moth inali ndege yoyenda pang'onopang'ono, yofanana ndi imene anthu ena ambiri anali nayo. Chimene chinkasiyanitsa woyendetsa wina ndi mnzake chinali kakonzedwe ka ulendo: kudziwa kumene adzathire mafuta, kusamala injini madzulo alionse, kugona maola ochepa koma osalephera kugona, ndi kunyamuka m'bandakucha kuti akatere kunja kukuwala. Munthu wofuna kupulumutsa maola awiri pouluka mumdima ankatha kutaya ndege yonse.

Mpikisano wa ku Melbourne

Mu 1934 mzinda wa Melbourne unkakondwerera kuti watha zaka 100. Munthu wina wolemera wopanga maswiti ndi chokoleti, Sir Macpherson Robertson, anapereka ndalama za mpikisano wa ndege wochokera ku England kukafika mumzindawo, mtunda wa makilomita pafupifupi 18,000. Mphoto yoyamba inali mapaundi 10,000. Pa 20 Okutobala 1934 ndege 20 zinanyamuka pa bwalo la Mildenhall. Ndege iliyonse inayenera kutera ku Baghdad, Allahabad, Singapore, Darwin ndi Charleville.

Ulendo uno Scott sanali yekha. Anali ndi Tom Campbell Black, munthu wodziwa bwino mlengalenga mwa Africa. Black anakhalapo ku Kenya, kumene anathandiza mayi Florence Kerr Wilson kuyambitsa kampani ya Wilson Airways mu 1929, ndipo bwalo la ndege la Wilson ku Nairobi limatchedwa ndi dzina la mayiyu mpaka lero. Awiriwa anayendetsa ndege yofiira ya mtundu wa Comet, ya injini ziwiri, yopangidwa ndi kampani ya de Havilland chifukwa cha mpikisanowu. Inapatsidwa dzina la hotela ya mwini wake, Grosvenor House.

Poyamba anali patsogolo ndi Amy Johnson ndi mwamuna wake Jim Mollison, koma ndege yawo inavuta ku India. Scott ndi Black anapitirira, akusinthana chiwongolero. Ali pamwamba pa nyanja ya Timor, injini imodzi inaonetsa vuto la oilo, ndipo anafika ku Darwin akudalira inzakeyo. Amakaniko anaikonza mmene akanathera, ndipo awiriwa anauluka chigawo chotsala akuisamala injiniyo ngati dzira. Anafika ku Melbourne pa 23 Okutobala, atayenda maola osakwana 71. Ulendo umene zaka ziwiri m'mbuyomo unamutengera Scott masiku pafupifupi 9 kungofika ku Darwin, tsopano unatha pasanakwane masiku atatu mpaka ku Melbourne.

Dzina la Scott linamveka dziko lonse, ndipo chaka chomwecho anatulutsa buku la mbiri yake lotchedwa Scott's Book. Koma onani ndege imene inafika yachiwiri. Inali Douglas DC-2 ya kampani ya KLM ya ku Netherlands, ndege wamba yonyamula anthu ndi makalata. Anthu oganiza bwino anaona pomwepo kuti masiku a ngwazi zouluka paokha ayamba kutha, ndipo kutsogolo kunali kwa makampani oyenda pa nthawi yoikika.

Kukonzekera ulendo wa ku Johannesburg

Mu 1936 mzinda wa Johannesburg unakwanitsa zaka 50, ndipo kunakonzedwa chionetsero chachikulu chotchedwa Empire Exhibition. I. W. Schlesinger, munthu wabizinesi wobadwira ku America amene analemera ku South Africa ndi ntchito za inshuwalansi ndi nyumba zoonetsera kanema, anapereka mapaundi 10,000 kuti pakhale mpikisano wofanana ndi wa ku Melbourne. Njira yake inali yochokera ku Portsmouth, kudzera ku Belgrade ndi Cairo, kutsata mtsinje wa Nile kulowera kumwera, kudutsa kum'mawa kwa Africa, Northern Rhodesia ndi Southern Rhodesia, mpaka pa bwalo la Rand ku Germiston. Mtunda wake unali makilomita pafupifupi 9,900.

Chaka chimenecho Scott anali atatenga gulu la ndege zoonetsa masewero a mumlengalenga limene kale linali la Sir Alan Cobham, ndipo ankayenda nalo m'matauni a ku Britain. Bizinesiyi sinapite patali. Pa mpikisano watsopanowu, iye ndi Black analembetsa aliyense ndi ndege yake. Koma pa 19 Seputembala, kutatsala masiku 10 okha, Black ali m'kandege kake pa bwalo la Speke ku Liverpool, ndege yankhondo inamugunda pansi pomwepo, ndipo anamwalira. Mpikisano unayamba ndi maliro.

Mnzake wa Scott pa ulendowu anali Giles Guthrie, mnyamata wa zaka 20, pamene Scott anali ndi zaka 33. Ndege yawo inali Percival Vega Gull, ya injini imodzi, yopangidwa ndi matabwa ndi nsalu. Mtundu umenewu unapangidwira anthu 4 oyenda ulendo wocheza, osati wa mpikisano. Ena mwa opikisana nawo anali ndi ndege zothamanga kuposa imeneyi, makamaka Percival Mew Gull, kandege ka mpando umodzi kopangidwira liwiro basi.

Mmene ndege 8 zinathera panjira

M'mamawa wa pa 29 Seputembala 1936 ndege 9 zinanyamuka ku Portsmouth motsatizana. Ziwiri sizinatuluke n'komwe mu Europe. Ya Alington ndi Booth inawonongeka potera mwadzidzidzi kufupi ndi Regensburg ku Germany, ndipo Allister Miller wa ku South Africa anasiyira mpikisano ku Yugoslavia. Ndege ya Tommy Rose inawonongeka miyendo ku Cairo. Victor Smith, nayenso wa ku South Africa, anavutika ndi oilo njira yonse mpaka anagonja ku Khartoum. Zinatsala ndege 5, ndipo zonsezi zinalowa m'chigawo chathu chino.

Patsogolo pa onse panali Stanley Halse wa ku South Africa mu Mew Gull. Iye anawasiya anzake ndi maola angapo, ndipo ambiri ankaona ngati mphoto ndi yake kale. Koma ganizirani nyengo yake. Inu nonse mukudziwa mmene kumakhalira kumapeto kwa Seputembala. Tchire limakhala likupsa paliponse, utsi umakuta mapiri, ndipo dzuwa limalowa lili psuu. Munthu wapansi amangoti kwachita utsi. Kwa munthu amene akufunafuna njanji kapena mtsinje ali mumlengalenga, utsiwo uli ngati nsalu yomangidwa kumaso. Halse anali yekha, atauluka usana ndi usiku wopanda womulandira. Atayandikira Salisbury, mzinda umene lero ndi Harare, sanathe kulipeza bwalo la ndege. Anayesa kutera m'munda ku Domboshawa, ndipo ndege inatembenuzika. Iye anavulala koma anapulumuka. Mzindawo unali makilomita 30 okha patsogolo pake.

Kumpoto, David Llewellyn ndi mnzake Hughesdon, amene anali mu Vega Gull ina, anagwa kufupi ndi Mpulungu m'mbali mwa nyanja ya Tanganyika, ndipo onse anapulumuka. A. E. Clouston wa ku New Zealand, amenenso anali yekha ndipo injini inali itamuvutitsa kale panjira, anagwa kumwera kwa Salisbury. Nayenso anatuluka wamoyo.

Ngozi yoopsa inachitika pa 1 Okutobala ku Abercorn, tauni imene lero ndi Mbala. Ndege yaikulu pa zonse mu mpikisanowu, Airspeed Envoy ya injini ziwiri, inali ndi anthu 4. Mbala ili pamtunda, mamita oposa 1,600 kuchokera pamene pamalekezera nyanja yamchere. Pamalo okwera chotero mpweya umakhala wopepuka, ndipo kukatentha umapepukiratu. Mapiko sagwira bwino, injini imachepa mphamvu, ndipo ndege yodzaza mafuta imafuna mtunda wautali kuti inyamuke. Envoy inanyamuka koma sinakwere mokwanira, ndipo inagunda mitengo. Woyendetsa wake Max Findlay ndi woyang'anira wailesi A. H. Morgan anamwalira. Ken Waller ndi Derek Peachey anavulala.

Tsiku lomwelo Scott ndi Guthrie anatera ku Germiston atayenda maola 52 ndi mphindi 56. Panalibe wachiwiri kapena wachitatu. Schlesinger anapempha kuti ndalama zimene zikanapita kwa ena omaliza mpikisano zithandize mabanja a Findlay ndi Morgan.

Chimene chinawafikitsa

Tsopano bwererani ku funso lija. Akuluakulu anati kuthamanga sikufika, ndipo mpikisanowu ukuonetsa zimenezi poyera. Scott ndi Guthrie anali ndi ndege yosathamanga kwenikweni, koma yolimba ndi yosavuta kutera nayo pa mabwalo a fumbi. Anali awiri, choncho wina ankatha kupumula kapena kuwerenga mapu mnzake ali pa chiwongolero. Pamwamba pa izi, Scott anali ndi zaka zambiri za kuuluka m'dera lotentha ndi lopanda zizindikiro, ndipo ankadziwa mwa iye yekha mtengo wa kunyamuka pa nthawi yolakwika.

Komabe musawauze ophunzira anu kuti kukhala awiri kapena kudekha n'kokwanira. Llewellyn anali ndi mnzake ndipo anali ndi ndege ya mtundu womwewo, koma anagwa. Mu Envoy munali anthu odziwa ntchito yawo, koma awiri anafa. Mwayi unali ndi gawo lake. Chimene tinganene ndi chakuti Scott anachepetsa zinthu zimene anazisiyira mwayi, pamene mpikisano weniweniwo unkakankhira aliyense kuti anyamuke ali wotopa, adzaze mafuta mopitirira, ndipo apitirire ngakhale sakuona pansi.

Anthu amene anali pansi

M'ndege 9 zija munalibe munthu wakuda ngakhale mmodzi, ndipo mabuku ofotokoza mpikisanowu amanena zochepa kwambiri za eni nthaka imene ndegezo zinkadutsa ndi kugwerapo. Koma njira yomweyo ya kumwera inali yodzaza ndi apaulendo ena. Amuna a ku Nyasaland, a kum'mawa kwa Northern Rhodesia ndi a ku Tete ankayenda wapansi milungu ingapo, kuwoloka Zambezi, kukafuna ntchito m'mapulazi, m'migodi ndi m'nyumba za azungu ku Salisbury, ena mpaka ku Johannesburg. Mu 1935 boma la Nyasaland linakhazikitsa komiti yofufuza za kuchuluka kwa amuna ochoka m'dzikomo. Amene sanabwerere kumudzi anatchedwa matchona.

M'zaka zomwezo za m'ma 1930 boma la Southern Rhodesia linayamba kumanga Highfield kuti mukhale antchito akuda, kutali ndi kumene kunkakhala azungu. Pakati pa anthu amene anadzakhala m'menemo m'kupita kwa zaka panali ambiri ochokera kumpoto kwa Zambezi, n'chifukwa chake mpaka lero mungamve Chinyanja pa Machipisa. Choncho mukamaphunzitsa za ulendo wa maola 52, ikani pambali pake ulendo wa milungu ija. Maulendo onse awiri anali ndi akufa panjira, koma mayina amene analembedwa m'nyuzipepala ndi a ulendo umodzi wokha.

Zaka zake zotsiriza

Mpikisano wa ku Johannesburg ndiwo unali chipambano chachikulu chomaliza cha Scott. Chisangalalo chake chinali chochepa chifukwa cha imfa za anzake, ndipo dziko linali litasintha. Kampani ya Imperial Airways inali itayamba kale mu 1932 kuyendetsa ndege za makalata ndi anthu pakati pa London ndi Cape Town, zodzera ku Mpika, Broken Hill, Salisbury ndi Bulawayo. Luso limene linamupatsa Scott dzina silinkafunikanso monga kale.

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itayamba mu 1939, munthu amene mafumu anamulandirapo anayamba ndi kuyendetsa ambulansi mu London. Kenako analowa gulu lankhondo la pamadzi, ndipo anali nawo pa ulendo wankhondo wa ku Dakar mu 1940. Pambuyo pake anakagwira ntchito zokhudza ndege ku Canada, kumene anadwala matenda a maganizo. Kunyumba nakonso sizinkayenda bwino. Anakwatira katatu, ndipo maukwati awiri oyamba anatha.

Nkhondo itatha, mu 1945 analowa ntchito ku bungwe la UNRRA, limene linkathandiza anthu othawa kwawo chifukwa cha nkhondo, ndipo anatumizidwa ku Germany. Pa 15 Epulo 1946, ali ku Bad Arolsen, anadzipha. Anali ndi zaka 43. Munthu amene anawoloka nyanja ya Timor ndi injini yodwala ali ndi mnzake pambali, vuto la mumtima linamupeza ali kutali ndi kwawo, patatha zaka pafupifupi 10 mnzakeyo atamwalira.

Guthrie anakhala ndi moyo zaka zambiri, ndipo mu 1964 anakhala wapampando wa kampani yaikulu ya ndege ya BOAC. Ndege yofiira ija ya Grosvenor House ilipobe, ikusungidwa ku Shuttleworth Collection ku England.

Mukamafotokoza za imfa ya Scott m'kalasi, lankhulani mwachidule ndi mwaulemu. Mwina pakati pa ophunzira anu pali wina amene banja lake linaonapo zotere. Akumbutseni kuti munthu wolemedwa mumtima ayenera kuuza wina, kaya ndi kholo, mphunzitsi, mtsogoleri wa chipembedzo kapena wazachipatala.

Ntchito yoti muchite

1. M'mbiriyi muli mayina a malo amene anasintha: Salisbury inakhala Harare mu 1982, Abercorn inakhala Mbala, ndipo Broken Hill inakhala Kabwe. Mabuku ena a Chingerezi amalemba Domboshawa ngati Bomboshawa. Lembani mayina 5 a malo a m'dera lanu amene anasintha kapena amene alendo anawalemba molakwika. Fotokozani mmene mungathandizire ophunzira kuzindikira dzina lakale akalipeza m'buku.

2. Werenganinso ndime yofotokoza chifukwa chake ndege imavutika kunyamuka ku Mbala. Ifotokozeni m'ziganizo 4 zimene mwana wa zaka 12 angamve, m'Chichewa kapena Chinyanja chimene chimalankhulidwa kwanuko. Onani mawu amene mwabwereka ndi amene mwawapeza m'chiyankhulo chathu.

3. Konzani mtsutso wa m'kalasi pa mutu uwu: Halse analephera chifukwa cha utsi, osati chifukwa cha liwiro. Lembani mfundo 3 za mbali iliyonse, zonse zochokera m'mbiriyi.

4. Pezani munthu wachikulire amene kholo lake kapena agogo ake anayenda ulendo wa ku Halale kapena ku Joni. Mupempheni chilolezo, mumvetsere, kenako mulembe mbiri ya wapaulendoyo m'mawu 400, motsata ndondomeko ya zaka. Lembani zokhazo zimene wofotokozayo akuzidziwa bwino, ndipo musinthe mayina ngati banja lafuna choncho. Bweretsani zimene mwalemba pa msonkhano wotsatira wa gulu lanu, kuti muyerekeze ndi za aphunzitsi a m'mayiko ena.